MAKINA APHUNZIRA KUNAMIZA MASO: TITETEZE NCHITO YA MANJA ATHU

Mai aliyense wa ku Malambo akafuna kugula citenje, kaya pa msika wa Cropping kaya m'masitolo a ku Chipata, sathamangira kufunsa mtengo. Amayamba waitembenuza nsaluyo kuti aone kuseri kwace, naikhudza ndi zala, naikwinya pang'ono m'manja. Ngati utoto walowa mbali zonse ziwiri, adziwa kuti nsaluyo idzapirira sopo ndi dzuwa. Ngati kuseri kuli kotumbuluka, adziwa kuti maluwawo anangowadinda pamwamba. Nzeru imeneyi amai athu sanaitenge m'kalasi. Makolo anaisunga m'mwambi uja wakuti cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sabata ino tifuna kukamba nanu, awerengi athu, za nkhani imene idzafuna nzeru imeneyi koposa kale. Kumaiko a kunja kuli makina oyendetsedwa ndi kompyuta amene amapanga zinthu zogwirika ndi manja, ndipo akatswiri awaphunzitsa kupatsa cinthu maonekedwe alionse amene munthu afuna. Pulasitiki ikhoza kuoneka ngati mtengo, utomoni ngati mnyanga wa njobvu, nsalu ya m'fakitale ngati yopakidwa ndi dzanja. Ena adzati nkhaniyi njakutali ndi ife alimi a thonje ndi cimanga. Ife tikuti iri pakhomo, pakuti m'boma la Mambwe muli mabanja ambiri amene amadyera ku luso la manja ao.

Poyamba timvetse mmene makinawa amagwirira nchito. Ochuka kwambiri ndi amene amachedwa 3D printer. Munthu amajambula cinthu pa kompyuta, ndipo makina amacimanga pang'onopang'ono kuyambira pansi, monga mmene ciswe cimangira culu, kapena monga agogo aumbira mbiya posanjikiza dongo pamwamba pa dongo linzace. Chuck Hull wa ku America analandira cikalata ca umwini wa njira yoyamba yotere mu 1986. Njira ina, yosungunula ulusi wa pulasitiki ndi kuuthira kupyolera m'kakamwa kakang'ono, anaitulukira Scott Crump, ndipo pamene umwini wace unatha mu 2009 makinawo anatsika mtengo, nafika m'masukulu ndi m'nyumba za anthu wamba m'maiko ambiri.

Bvuto la makinawa kuyambira kale linali nkhope ya cinthu. Mzere uliwonse umene makina amathira umakhala wopyapyala, kawirikawiri pakati pa mamilimita 0.1 ndi 0.3, koma mizereyo ikasanjikizana imaoneka, ndipo cala cimaimva. Munthu ankangoyang'ana kamodzi nadziwa kuti ici ncamakina. Cotero akatswiri akhala zaka zambiri akulimbana ndi zinthu zinai: mtundu wa cinthu, kunyezimira kwace, kusalala kapena kukhakhala kwace, ndi mmene kuwala kumalowera m'kati mwace kusanabwerere m'maso. Amai oumba mbiya adzaizindikira nchitoyi msanga, pakuti iwonso sasiya mbiya mmene yaumbidwira. Amaikulungiza ndi nkhulungo, nailemba mizere m'khosi isanapite pamoto. Kusiyana kwace nkwakuti mai amacita zimenezi pa mbiya imodzi, pamene kompyuta ikasunga maonekedwe amodzi ikhoza kuwabwereza pa zinthu zikwizikwi.

Afika pati tsopano? Mu 2013 nyumba yosungira zithunzi za Van Gogh ku Amsterdam, pamodzi ndi kampani ya Fujifilm, inayamba kugulitsa zithunzi zopangidwa ndi makina zimene zinali ndi timapiri ndi timakwawa ta utoto monga mmene burashi ya mwini wace inasiyira. Mu 2014 ku Luxor m'dziko la Egypt anatsegula manda oyerekeza a mfumu Tutankhamun, amene makoma ace anatengera ng'alu ndi zipsera za manda enieniwo. Mu 2021 kampani ya Desktop Metal ku America inalengeza njira yochedwa Forust, yomata utuci wa matabwa ndi makina nkulembamo mizere yonga ya mitengo ya mtengo wapatali. M'caka comweco akatswiri a pa yunivesite ya TU Wien ku Austria anapanga cinthu cimene anacicha Digory, cosakaniza utomoni ndi ufa wa calcium phosphate, cimene cimalowetsa kuwala monga mnyanga wa njobvu. Pofuna kuti cioneke cakale, anacidetsa ndi tiyi.

Sitikunena kuti zonsezi nzoipa. Anthu a m'cigwa ca Luangwa adziwa bwino cimene kukongola kwa mnyanga kunatibweretsera. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 njobvu zinaphedwa zosawerengeka, ndipo cipembere cinatheratu, kotero kuti mu 1998 cinalengezedwa kuti mulibenso m'Zambia, kufikira pamene anayamba kubweretsa zina ku North Luangwa mu 2003. Malonda a minyanga pakati pa maiko analetsedwa mu 1989. Mtengo wa mukula nawonso unadulidwa mopanda cifundo cifukwa ca kufiira kwace ndi mizere yace, mpaka mu 2019 unaikidwa pa mndandanda wa CITES wa mitengo imene malonda ace ayenera kuyang'aniridwa. Ngati munthu wa ku Asia kapena ku Ulaya angakhutire ndi maonekedwe ocokera ku utuci ndi utomoni, njobvu ya ku Nsefu ndi mtengo wa m'thengo mwathu zingapume. Pamenepo makina ndi bwenzi lathu. Komabe ngakhale apa pafunika maso, pakuti cinthu cabodza cikafanana kwambiri ndi ceniceni, mbala ikhoza kubisa mnyanga weniweni pakati pa yabodza. Asilikari a za nyama ndi a pa zipata za dziko ayenera kuphunzitsidwa kusiyanitsa.

Cimene citidetsa nkhawa koposa ndi nchito ya amisiri athu. Ku Mfuwe kuli Tribal Textiles, imene inayamba mu 1991. Kumeneko amuna ndi akazi a m'midzi yozungulira amalemba zithunzi pa nsalu ya thonje ndi phala la ufa, naiyanika padzuwa, napaka utoto ndi manja, naiwocha mu uvuni kuti utoto ugwire, ndipo potsiriza amaicapa ndi kupala phalalo kuti mizere yoyera ioneke. Kulinso Mulberry Mongoose, kumene waya wa misampha yocotsedwa m'chire amausandutsa mikanda ndi zibangiri. Kuwonjezera apo kuli osema ndi oluka madengu ndi mikeka amene amayala katundu wao m'mbali mwa mseu wocokera ku bwalo la ndege kupita ku cipata ca South Luangwa National Park. Mlendo amene amagula kwa iwo salipira nsalu kapena mtengo cabe. Amalipira mzere wokhota pang'ono, utoto umene unatsetsereka, cipsera ca nsompho. Zimenezi ndizo zimamuuza kuti apa panadutsa dzanja la munthu. Tsono zimenezi ndizonso makina aphunzira kutengera. Cithunzi cimodzi ca pa foni cikwanira kuti fakitale ya kutali idinde maluwa a nsalu, ndipo zithunzi zambiri zojambulidwa mozungulira cosema zikwanira kuti kompyuta idziwe maumbidwe ace onse.

Amene akayika aganizire mbiri ya citenje cimene abvala. Nsalu yotere inayambira ku Java, kumene amai ankalemba zithunzi ndi phula pamanja. M'zaka za m'ma 1800 amalonda a ku Holland anafuna kupanga nsalu yofanana nayo ndi makina. Kampani ya Vlisco ya ku Helmond, imene inayamba mu 1846, ndi imodzi mwa iwo. Makinawo anali ndi cirema: utomoni unkang'aluka, utoto nulowa m'ming'alumo, nusiya timizere tonga mitsempha. Anthu a ku Java sanaikonde nsaluyo, koma a kumadzulo kwa Africa anaikonda, ndipo cirema cija cinasanduka cizindikiro ca nsalu yabwino. Cinatsatira nciani? Mafakitale ena, makamaka a ku Asia, anayamba kudinda dala timing'alu timeneti pa nsalu yochipa imene sinakhudzepo phula. Nsalu zotere, pamodzi ndi salaula, zinadzaza misika, ndipo mafakitale a mu Africa anabvutika. Ifenso tinaona fakitale ya Mulungushi ku Kabwe, imene inatsegulidwa mu 1982, ikutsekedwa mu 2007. Mlimi wa ku Msoro ndi ku Jumbe anapitiriza kulima thonje, koma citenje ca mkazi wace cinacokera kutsidya kwa nyanja. Phunziro lace nlakuti ciri conse cimene diso limaona, makina adzacitengera tsiku lina.

Nanga titani? Kuletsa makina sikutheka, ndipo sikungatipindulire. Koma pali cinthu cimodzi cimene makina sangadinde, ndico coonadi cakuti cinthu ici anacipanga ndi uje, wa m'mudzi wakuti, m'dziko la mfumu yakuti. Citetezo cathu ciri pamenepo, ndipo aliyense ali ndi mbali yace.

Kwa inu amisiri tikuti: lekani kugulitsa nchito yopanda dzina. Cosema ciri conse, dengu liri lonse, nsalu iri yonse ikhale ndi cizindikiro ca mwini wace ndi mudzi wace. Gwirani nchito poyera kuti wogula aone nsompho ikugwa ndi utoto ukupakidwa, pakuti amene waona ndi maso ace sadzanamizidwa ndi wina, ndipo akabwerera kwao adzasimba. Gwirizanani m'magulu, mulembetse cizindikiro cimodzi ku PACRA. Mmisiri mmodzi sangathe kulondola wakuba wa kutali, koma mutu umodzi susenza denga. Ndiponso musadzicepetse nokha pocita cinyengo cimene tikudzudzula mwa ena. Kupaka polishi ya nsapato pa mtengo wofewa nkuucha phingo ndi bodza lomwelo, lingosiyana cida.

Kwa mafumu athu a Cikunda, a Nsefu, a Kakumbi, a Mnkhanya, a Jumbe, a Malama ndi a Msoro, tikupempha mwaulemu kuti atsogolere nchito yolemba ndi kusunga malukidwe, malembedwe a mbiya ndi zosema za makolo, akuluakulu odziwa matanthauzo ace akali moyo. Mwambo wa Malaila, pamene Akunda amasonkhana, ndi nthawi yabwino yoyambira. Dziko lathu liri ndi lamulo la mu 2016 loteteza nzeru za makolo ndi zaluso za cikhalidwe, ndiponso lamulo lina la caka comweco loteteza maonekedwe a zinthu zopangidwa. Koma lamulo limathandiza amene angasonyeze umboni wakuti cinthuco ncao. Cosalembedwa cimakhala ca aliyense wotola.

Kwa Khonsolo ya Mambwe ndi a bungwe loteteza ogula la CCPC tikuti lamulo la mu 2010 limaletsa kale wamalonda kunamiza wogula za katundu wace. Ligwire nchito kufikira pa misika ya ku Mfuwe ndi m'masitolo a m'malo ogona alendo. Palibe colakwa kugulitsa kanjobvu ka pulasitiki, malinga wogulitsa anene kuti nkapulasitiki. Colakwa ndi kukaika pakati pa zosema za kwa Kakumbi nkukacha nchito ya manja a m'cigwa. Eni malo ogona alendo, amene amadalira mtendere ndi midzi yowazungulira, akhale oyamba kufunsa kumene katundu wa m'masitolo ao wacokera.

Kwa acinyamata tikuti musawaope makinawa, aphunzireni. Mu 2022 Boma linakweza ndalama za CDF kufika pa K25.7 miliyoni pa konstichuwensi iri yonse, ndipo gawo lina ndi lolipirira maphunziro a nchito za manja. Makomiti oona za ndalamazi asangotumiza ana ku ukalipentala ndi kusoka, koma ena awatumize kukaphunzira kujambula zinthu pa kompyuta. Mnyamata wodziwa zimenezi akhoza kupanga kacitsulo kapena kapulasitiki kamene kathyoka pa pampu yopopera thonje, akhoza kusema zidindo za gulu la amisiri, akhozanso kusunga m'kompyuta maumbidwe a mbiya ya agogo ace isanasweke. Ndi bwino kuti cuma ca makolo cilowe m'makina kupyolera m'manja a mdzukulu, amene adziwa cimene ciyenera kugulitsidwa ndi cimene siciyenera kucoka pamudzi.

Mu 2020, pamene matenda a korona anatseka maulendo a ndege, anthu a ku Mfuwe anaona mmene nyumba imakhalira mlendo akapanda kubwera. Matendawo anapita ndipo alendo anabwerera. Koma mlendo amene wanamizidwa, nakapeza kwao kuti cimene anagula monga nchito ya manja a m'Luangwa cinatuluka m'fakitale, sabwereranso, ndipo amaletsa anzace. Dzina labwino la amisiri a m'cigwa lamangidwa zaka zambiri, ndipo madzi akataika saoleka. Tiyeni tilisunge tsopano, tiphunzitsenso ana athu ndi alendo athu cimene amai athu amacita pa msika: kutembenuza nsalu ndi kufunsa amene anaipanga.