Cheke chachikulu ngati chitseko sichimanga labotale

Aliyense amene anakhalapo m'bawa mu Blantyre muno akuidziwa giriini. Fakitale ya Carlsberg inatsegulidwa kuno mu 1968, yoyamba kunja kwa Denmark, ndipo eni akewo anagulitsa magawo awo kwa Castel mu 2016. Koma pa zaka zonse zija tinkakweza mabotolo, ndi angati ankadziwa amene amalamulira Carlsberg?

Si mpondamatiki ayi. Ndi bungwe lachifundo la Carlsberg Foundation, lomwe J.C. Jacobsen anakhazikitsa mu 1876. Pomwalira mu 1887, mkuluyu anasiyira bungweli fakitale yake. Mpaka lero mavoti ambiri m'kampanimo ndi a bungweli, ndipo akuluakulu asanu oliyendetsa amasankhidwa ndi akatswiri a sayansi ndi maphunziro a ku Denmark, osati bwana wa zotsatsa malonda.

Zipatso zake? Sikelo ya pH, ija imakusowetsani tulo ku sekondale, anaitulukira Sørensen mu 1909 mu labotale ya Carlsberg. Nyumba yosungira mbiri ya dziko ku Frederiksborg imayendetsedwanso ndi bungwe lomweli. Inde, ndi ndalama za mowa, ndipo mowa wapasula mabanja ambiri, izo sindikukana. Komanso zambiri zimathera kwawo konko. Koma zimatuluka chaka ndi chaka chifukwa malamulo a bungweli amatero, osati chifukwa wina wadzuka bwino.

Nanga kwathu kuno? Madzi akasefukira ku Chigwa cha Shire, makampani amabwera ndi cheke chachikulu ngati chitseko, matumba a ufa, ndi ojambula. Amenewo ndi abwino, wanjala sasankha mbale. Koma makamera akachoka, basi zathera pomwepo. Ine yunivesite ndinaisiyira panjira, komabe ndinakhalako mokwanira kuona aphunzitsi athu akulembera azungu makalata opempha ndalama zofufuzira matenda a chinangwa cha anthu akwathu.

Sikuti njirayi ndi yachilendo kwa ife. Press Trust, yomwe Kamuzu anakhazikitsa mu 1982, ili ndi magawo ambiri mu Press Corporation ndipo phindu lake limamanga masukulu ndi zipatala. Kumbukirani kuti Nyumba ya Malamulo itaikonzanso mu 1995, nkhani inakafika mpaka ku khoti la Supreme mu 1997. Mkangano wonsewo unali pa funso limodzi: ndani azigwira chikwama?

Funso lomwelo tiziwafunsa mabanki ndi makampani a mafoni amene amalengeza mabiliyoni a phindu. Inu mavenda a mu Limbe, ndalamazo zimachokera m'matumba mwanu. Akabweranso ndi cheke chija, atiuze kuti ndi gawo lanji la phindu, analemba pati, amasankha olandira ndani, ndipo chaka chamawa wophunzira wa sayansi kapena gulu la zisudzo akafunsire kwa yani.