Boma Likunyoza Khoti Kuyambira 2009, Ife Tikutukwana a CHREAA

A bungwe la CHREAA akangotsegula pakamwa pa wailesi kunena za akaidi, mafoni amayamba kulira. Wina akuti ndi oteteza mbava, wina akuti akanaberedwa iwowo bwenzi atatseka pakamwa. Ukali wa munthu amene wathyoleredwa nyumba kapena waberedwa mbuzi ndi womveka. Koma abale anga, tikukalipira anthu olakwika.

Kumbukirani Mayeso Gwanda. M'mwezi wa Malichi 2015 bamboyu analawirira mbandakucha kupita kumsika ku Limbe kukagulitsa majumbo, apolisi n'kumugwira panjira. Mlandu wake vakabu. Sanabe kanthu, sanamenye munthu. Ndime 184(1)(c) ya Penal Code, chotsalira cha atsamunda, inkalola wapolisi kumanga munthu chifukwa chongomuganizira kuti ali pamalopo ndi zolinga zoipa. Munamvapo kuti wa galimoto wagwidwa vakabu? Lamuloli linali msampha wotchera woyenda pansi. Amene anaima ndi Gwanda ndi a CHREAA pamodzi ndi a Southern Africa Litigation Centre, mpaka mu Januwale 2017 Khoti Lalikulu linagamula kuti ndimeyo ikuphwanya malamulo oyendetsera dziko lino. Wakabaza, mayi wa mandasi, mlonda woweruka usiku, onsewa anapumira m'mwamba. Ena mwa iwo ndi omwewa akutukwana lero.

Nkhani yowawa kwambiri ili pa limandi. Ndime 42 ya malamulo athu aakulu imati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Kuyambira 2010 lamulo linaikanso malire a masiku amene munthu angasungidwe mlandu wake usanayambe: masiku 30 pa milandu yozengedwa kwa majisitireti, masiku 90 pa milandu ikuluikulu monga kupha. Zolembedwa bwino ndithu. Ndiye pitani ku Maula, ku Chichiri kapena ku Mzuzu mukafunse kuti ndi angati amene malirewo anawadutsa kalekale. Mudzamva kuti doketi inasowa, wapolisi wofufuza anasamutsidwa, galimoto yopitira kukhoti ilibe mafuta, mboni sizinabwere. Ena anapatsidwa belo koma achibale ali kumudzi, sakudziwa n'komwe kuti mwana wawo ali m'ndende.

Pomwe doketi ikusakidwa, munthuyo ali pa shamba. Amene sanalowepo adziwe: shamba ndi pakati pa selo, pomwe akaidi amachezera usiku wonse chikhalire, mawondo pachifuwa, mnzako atakutsamira pamiyendo iwenso utatsamira wina. Kudya kamodzi pa tsiku, nsima ya mgaiwa ndi nandolo. Mphere, chifuwa chachikulu, kutupa miyendo. Ndipo munthu ameneyu palibe khoti lamupeza wolakwa.

Nanga akuba ndalama za boma? Amagona kuchitokosi usiku umodzi, kukacha maloya atatu afika, madzulo belo yatuluka. Akaona kuti zavuta, BP imakwera n'kukagona kuchipatala cholipira. Mlandu n'kumangoimitsidwa mpaka tonse tiiwale.

Mu 2009, pa mlandu umene mkaidi wina, Gable Masangano, anasumira boma, majaji ananena poyera kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu ndi nkhanza zoletsedwa ndi malamulo, n'kulamula boma kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka pasanathe miyezi 18. Miyezi 18 inatha kalekale. Maboma a zipani zosiyanasiyana abwera ndi kupita, koma ndende zikusungabe anthu owirikiza kawiri chiwerengero chimene anazimangira. Inu ndi ine titanyoza chigamulo cha khoti, lero lomwe tikagona ku Maula. Boma lachinyoza zaka zonsezi, ndipo palibe nduna yomwe yatuluka ngakhale thukuta.

Amene akhala akuchepetsako manyaziwa ndi mabungwe omwewa. Kuyambira 2000 maparaligo a bungwe la PASI akhala akulowa m'ndende kuphunzitsa akaidi kupempha okha belo, kusaka achibale oti akaimire mkaidi, kukumbutsa apolisi ndi makhoti za mafayilo ogona, ndi kuthandiza kuti majisitireti akazengere milandu m'ndende momwemo. Imeneyi ndi ntchito ya boma, koma ikudalira ndalama za mayiko akunja, zomwe mawa zikhoza kuuma. Mabungwewa si angelo ayi. Misonkhano yawo ya kunyanja ndi maalawansi ake imanditopetsa inenso. Koma paraligo wokwera minibasi kukasaka malume a mkaidi kumudzi musamuike gulu limodzi ndi odya masamusa kuhotela.

Ndipo inu amene munaberedwa, kodi mlandu ukagona zaka zitatu mwapindulanji? Mboni zimamwalira, umboni umatayika, wakuba weniweni n'kudzatuluka. Khoti lochedwa likupweteka inunso.

A Nduna ya Zachilungamo ndi inu aphungu, zofunika sizovuta kumva. Ikani ndalama zokwanira ku Legal Aid Bureau ndi kumakhoti a majisitireti. Lamulani kuti mwezi uliwonse ndende iliyonse izitulutsa mndandanda wa anthu amene adutsa malire a limandi, ndipo aliyense wa iwo aonekere pamaso pa woweruza. Wapolisi wotaya doketi ayankhe mlandu. Inu owerenga, mbale wanu akamangidwa werengani maola 48 aja, ndipo wapolisi akakuuzani kuti mulipire belo ya kupolisi mukaneni, chifukwa belo imeneyo ndi yaulere.