Mphepo Ilibe Mlandu, Lekani Kuinamizira

Pa pulogalamu yathu ya pa wailesi sabata yatha, mnyamata wina anatuma foni ali wokondwa ngati wawina beti. Ati anaona pa WhatsApp kuti asayansi avomereza okha: cimene cisungunula aisi ku Antarctica ndi mphepo na mitambo, osati utsi wa anthu. Ati ndiye nkhani ya kusintha kwa nyengo ni bodza la azungu.

Ife tikuti iyai. Uthenga uja watenga theka la coonadi n'kulisandutsa bodza lathunthu.

Theka loona ni ili. Ku Antarctic Peninsula kuli mapiri otalika pafupifupi mamita 2,000. Mphepo yocokera kumadzulo ikafika pa mapiriwo imakwera, imazizira, imapanga mitambo n'kukhuthula cinyezi cake conse mbali yomweyo. Ikatsikira kum'mawa imakhala youma ndi yofunda. Amene anayendako kucoka mu Lusaka kutsikira ku Chirundu adziwa mmene mpweya umatenthera pamene mutsika. Mphepo yotsika imeneyi, imene amaicha foehn, imacotsanso mitambo, dzuwa n'kuomba pa aisi popanda cochinga. Madzi osungunuka amalowa m'ming'alu, n'kuing'amba monga nkhwangwa ing'amba nkhuni. Mu 2002, cigawo ca aisi ca Larsen B, cacikulu masikweya kilomita 3,250, cinaphwanyika m'milungu yowerengeka cabe. Pa 6 February 2020, pa Esperanza Base kunafunda kufika madigiri 18.3, ndipo mphepo yomweyi inalipo.

Ku Greenland nkhani ni ya mitambo. Mphepo yolemera ikakhazikika pamwamba pa cisumbuco m'cilimwe, kumwamba kumayera ndipo dzuwa limagwira nchito yake. Koma nayo mitambo yopyapyala ili na msampha wake: imalola kuwala kudutsa, n'kutsekera kutentha pansi monga bulangeti. Mu July 2012, pafupifupi 97 peresenti ya pamwamba pa aisi wa Greenland inayamba kusungunuka m'masiku ocepa. Pa 14 August 2021 kunagwa mvula pa Summit Station, pamalo okwera kuposa mamita 3,200, pamene cilembereni nyengo panali pasanagwepo mvula.

Manje funso limene uthenga uja unathawa ni ili: kodi mapiri aja anamera mu 2002? Anali pomwepo kuyambira kale. Mphepo nayo inali kuwoloka pomwepo. Larsen B inakhala nazo zonse ziwiri kwa zaka pafupifupi 10,000 osagwa. Cinasintha n'ciani? Mphepo za kumadzulo zozungulira Antarctica zinakula mphamvu, ndipo zimene zinazikulitsa ni kuonongeka kwa ozone pamodzi na mipweya ya mafakitale ndi magalimoto. Mpweya umene zinyamula nawonso ni wofunda kuposa kale. Phiri ni njira cabe. Munthu akakugundani na minibasi, simupita kukamanga mseu.

Ena akuti, "Nanga ife zitikhudza bwanji, tilibe nyanja yamcere?" Funsani kumene mafuta a m'galimoto afikira. Paipi ya TAZAMA iyambira ku Dar es Salaam. Katundu wina adzera ku Beira, mzinda wotsika umene Cyclone Idai inasakaza mu March 2019. Larsen B itacoka, aisi wa pamtunda umene unali kuchingidwa kumbuyo kwake unayamba kuthamangira m'nyanja, ndipo aisi wotero ndiye akweza madzi. Wa ku Greenland wokha, utasungunuka wonse, ungakweze nyanja mamita 7. Doko likamira, mtengo umakwera pa Soweto Market.

Sitikuti cilala ca 2024 cinabwera cifukwa ca aisi. Cija cinali ca El Niño, ndipo sitidzayankha bodza na bodza linzake. Koma tonse tikumbukira Kariba itaphwa, malaiti kusowa tsiku lonse, ma saluni na ma welding kutseka. Tinalawa cimene cimacitika mitambo ikasintha njira. Caona mnzako capita, mawa cili pa iwe.

Cimene citipweteka kwambiri ni ici. Utsi wa Zambia ni wocepa kwambiri poyerekeza na wa maiko olemera. Pa msonkhano wa COP27 ku Egypt mu 2022, maiko anagwirizana kukhazikitsa thumba lothandiza amene aonongekedwa na nyengo. Ngati ni mphepo cabe, ndiye kuti palibe wolakwa, palibenso wolipira. Conco wacinyamata wa ku Matero kapena Chawama amene afalitsa uthenga uja aimirira mlandu wa anthu amene ali naye nkhongole, na mabando ake omwe.

Anzathu, uthenga wotero ukabweranso m'gulu lanu, musakangane nawo zambiri. Funsani amene wautumiza kuti mapiri aja anamera caka citi.