NGODYA YA MASAMU: Njere za Tirigu pa Bolodi la Shatranj

Ulendo uno tengani pensulo, chifukwa nambala yathu njaitali: 18,446,744,073,709,551,615.

Qadhi Ibn Khallikan, amene anamwalira ku Damascus m'chaka cha 1282, analemba nkhani yake m'buku la Wafayat al-A'yan. Akuti munthu wina wa ku India, Sissa, anayambitsa masewera a shatranj, omwe lero timati chess. Mfumu itamufunsa mphotho, iye anapempha njere imodzi ya tirigu pa kabokosi koyamba ka bolodi, ziwiri pa kachiwiri, zinayi pa kachitatu, kumangochulukitsa kawiri mpaka timabokosi tonse 64. Mfumu inaona ngati n'zachibwana. Mukawonkhetsa njere zonsezo mumapeza nambala ili pamwambayo, imenenso al-Biruni anali ataiwerengera kale cha m'ma 1000. Mutati muziwerenga njere imodzi pa sekondi, usana ndi usiku, mungathe zaka zoposa 580 biliyoni.

Chinsinsi chake n'chakuti kabokosi kalikonse kamaposa ndi njere imodzi timabokosi tonse tam'mbuyo titaphatikizidwa. Onani: 1, 2 ndi 4 ndi 7, pamene kotsatira kali ndi 8. Bawo lathu lili ndi maenje 32, theka la bolodi lija, ndipo pamenepo njere zimangokwana 4,294,967,295. Katundu yense ali ku theka lachiwiri.

Tsono tiyeni tiisende nambalayi. Siigawika ndi 2, poti imatsala imodzi. Imathera ndi 5, choncho igawika ndi 5. Mukawonkhetsa manambala ake 20 aja mupeza 87, amene agawika ndi 3 koma osati ndi 9. Nayonso nambala yathu itero. Mukapitiriza kuiphwanya mudzafika pa nambala zisanu ndi ziwiri zomwe sizigawikanso ndi ina iliyonse kupatula 1 ndi izo zomwe: 3, 5, 17, 257, 641, 65,537 ndi 6,700,417. Palibe yobwerezedwa. Chifukwa cha ichi, nambala zonse zoigawa popanda chotsala zilipo 128 basi, zochepa kwambiri kwa chimphona chotere.

Ziwiri mwa izo zili ndi mbiri. Katswiri wa ku France, Fermat, ankakhulupirira kuti 4,294,967,297 siigawika. Mu 1732 Euler anaonetsa kuti ndi 641 kuchulukitsa ndi 6,700,417. Nkhaniyi ndimaikonda kuposa ya mfumu ija, chifukwa 641 ndi nambala yaing'ono, yoti mwana wa Sitandade 7 angagawe nayo pa sileti. Ngakhale makompyuta a masiku ano, aja amati 64-bit, nambala yathuyi ndiyo yaikulu kwambiri imene amasunga m'malo amodzi.

Makolo, musaganize kuti izi n'zam'mabuku zokha. Kuchulukitsa kawirikawiri kotereku ndiko kumayendetsa katapila. Tiyerekeze msodzi wakongola K1,000 yokonzera ukonde, pa pangano loti mwezi uliwonse akalephera kubweza, ngongole iziwirikiza kawiri. Mwezi woyamba ndi K2,000, ndipo iye amati usipa ukagwa abweza. Mwera ukakuntha miyezi itatu, yafika K8,000. Pakutha pa miyezi khumi ndi K1,024,000. Iyenso, monga mfumu ija, anangoyang'ana timabokosi toyambirira.

Ana inu, ntchito yanu nayi: lembani 1, 2, 4, 8 n'kumapitiriza, ndipo mupeze kabokosi koyamba kamene njere zake zipitirira 1,000,000. Yankho lidzatuluka m'magazini yotsatira, Insha Allah.