Kodi tawuni imathera pati?

Mukakwera minibasi pa Wenela kulowera ku Lunzu, mungaloze pomwe Blantyre wathera ndipo mudzi wayambira? Funsoli likumveka lachibwana, komatu akatswiri a za mizinda padziko lonse akulimbana nalo, ndipo yankho lake limakhudza komwe boma limaika mipope ya madzi, misewu ndi ndalama.

Kwa zaka zambiri nkhani inali yachidule: werengani a m'tawuni, werengani a kumudzi, basi. Mu 2018 bungwe la United Nations linati anthu 55 mwa 100 alionse padziko amakhala m'mizinda, ndipo pofika 2050 adzakhala 68. Kuno kwathu kalembera wa chaka chomwecho anapeza 16 okha mwa 100.

Koma Neil Brenner ndi Christian Schmid akuti kawerengedwe aka n'kosokoneza, chifukwa dziko lililonse lili ndi tanthauzo lakelake la tawuni. Ganizo lawo, lomwe amalitcha planetary urbanization, linachokera pa zomwe Henri Lefebvre wa ku France analemba mu 1970. Iwo akuti mzinda suthera pomwe nyumba zathera, popeza migodi, minda, nkhalango ndi madamu omwe amaudyetsa nawonso akusinthidwa ndi mzindawo.

Ifetu izi timaziona tsiku lililonse. Madzi ambiri a mu Blantyre amapopedwa mu Shire pa Walker's Ferry. Makala ambiri ophikira nsima ku Lilongwe amachokera ku Dzalanyama, nkhalango yomweyo yomwe imasunga gwero la madzi a mzindawo. Wotentha makala uja timati ndi wakumudzi, pamene nkhwangwa yake ikugwirira ntchito anthu a m'tawuni.

Ena akuti vuto ndi muyeso womwe timagwiritsa ntchito. M'buku lake la 2006, Ordinary Cities, Jennifer Robinson akutsutsa zoyeza mzinda uliwonse ndi London kapena New York. AbdouMaliq Simone, polemba za Johannesburg mu 2004, anaonetsa kuti pomwe boma silinafike, anthu eniake ndi maubale awo ndiwo amayendetsa mzinda. Ganizirani akabaza, mavenda ndi banki m'khonde ku Ndirande kapena Mtandire.

Ganizo la Brenner ndi Schmid lilinso ndi otsutsa. Ngati paliponse ndi tawuni, mawuwo atsala ndi tanthauzo lanji? Nanga mlimi wa ku Nsanje, mavuto ake sakwiririka? Mfundoyi ndi yomveka. Komabe mu 2020 United Nations inavomereza muyeso umodzi wa maiko onse, woyang'ana kuthithikana kwa anthu pa sikweya kilomita iliyonse m'malo mwa malire a khonsolo.

Apa ndiye pagona nkhani kwa ife. Malo ngati Lunzu ndi Mponela akukula ngati tawuni koma akuyendetsedwa ndi makhonsolo a maboma. Mapuloti akudulidwa msewu ndi ngalande zisanaganiziridwe. Namondwe Freddy atagwa mu March 2023, anthu a ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, analipira ndi miyoyo yawo chifukwa mzinda unakula mosatsata mapulani.

Masomphenya a Malawi 2063 anaika kukula kwa mizinda ngati imodzi mwa nsanamira zake zitatu. Koma tikapitiriza kudzitonthoza ndi 16 uja, tidzakonzera mapulani mzinda wa papepala, mzinda weniweni utafika kale pakhomo pa agogo kumudzi.