Kabatire kakutayitsa makompyuta amoyo

Mbatata ya kachewere ikayenda malonda ku Dedza, ndalama zina zimathera pa malata, zina pa njinga yamoto, ndipo masiku ano zina zikumakwera basi kupita ku Lilongwe kukagula kompyuta yakale ya patebulo. Achinyamata a ku Mphunzi ndi madera oyandikana nawo monga Lobi ndi Linthipe aona kuti bokosi la Dell OptiPlex kapena HP Compaq likhoza kudyetsa banja: kulembera anthu makalata ofunsira ntchito, kusindikiza mayeso a kusukulu, kuika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni. Chigwereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kompyuta yatsopano yakhala ya m'maofesi basi. Wabizinesi yakumudzi amagula ya kaunjika.

Kugula yakale si kulakwa. Kulakwa n'kupereka ndalama osaona BIOS, kenako n'kudzalipiranso zambiri pa vuto lomwe likanatha ndi kabatire kamodzi.

BIOS ndi kapulogalamu kokhala pa bolodi yaikulu ya m'kati mwa kompyuta, ija amisiri amati motherboard. Ndiko kamayamba kudzuka Windows isanabwere. Kamaona kukula kwa RAM, kamafufuza hard disk, kamasunga tsiku ndi nthawi, kamasankhanso koyambira makinawo. Pa makompyuta ambiri akale, zonsezi kamazikumbukira ndi mphamvu ya kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kolembedwa kuti CR2032, ka mavoti 3. Kabatireka kamagwira ntchito makamaka pomwe kompyuta ilibe magetsi. Tsono makina opangidwa cha m'ma 2010, omwe akhala miyezi m'kontena n'kudzafika kumene magetsi amathimathima kapena sola imazimitsidwa usiku uliwonse, batire lawo silichedwa kufa.

Likafa, matenda ake amaoneka ngati aakulu. Wotchi imabwerera zaka zambiri m'mbuyo, ndipo masamba a pa intaneti amakana kutseguka chifukwa ziphaso zawo zachitetezo sizikugwirizana ndi tsikulo. Mwini shopu amadzudzula netiweki n'kugulanso bandulo ina pachabe. Pena kompyuta imaima poyambirira penipeni n'kumafuna kuti munthu adine F1. Choopsetsa kwambiri chili pa malo olembedwa SATA: hard disk imalankhula ndi bolodi m'njira ya AHCI, ya IDE kapena ya RAID, ndipo Windows imazolowera njira yomwe inalipo pa tsiku loiika. BIOS ikaiwala n'kubwerera ku njira ina, sikirini imasanduka yabuluu, makina n'kumangozima ndi kuyakanso. Hard disk ili bwinobwino, mafayilo onse alimo. Kubwezera mzere umodzi uja kumene unali, nkhani yatha.

Apa ndi pomwe amisiri ena akulakwira makasitomala awo. Akangoona buluu, mankhwala awo ndi amodzi: kufufuta zonse n'kuika Windows ina. Mwini wake walipira thiransipoti yopita ku boma kapena ku Lilongwe atanyamula bokosi pamiyendo, watseka shopu masiku awiri, walipira mmisiri, ndipo wabwerera wopanda nyimbo zomwe anasonkhanitsa zaka zitatu, wopanda zikalata za mpingo ndi za sukulu zomwe anthu anamusungitsa. Kabatire kakufa kaja kakadali momwemo, choncho magetsi akadzathimanso vuto lidzabwerera. Ena amachita izi posadziwa, ena chifukwa kuika Windows kumalipiritsa bwino kuposa kusintha batire. Kaya n'chifukwa chiti, mmisiri woyamba ndi kufufuta asanayang'ane tsiku la mu BIOS sayenera kupatsidwanso ntchito.

Wogula ali ndi chida chomwe sichifuna sukulu yaikulu. Kompyuta ikangoyatsidwa, adine F2 ngati ili Dell, F10 ngati ili HP, F1 ngati ili Lenovo. Zambiri zosonkhanitsidwa ndi amisiri zimafuna batani la Delete. Tsamba lomwe litseguke limanena mtundu wa purosesa ndi kukula kwa RAM. Kapepala komata pabokosi aliyense akhoza kukasuntha, ndipo Core i5 yapakapepala imapezeka kuti m'kati ndi Core 2 Duo. Tsiku likakhala lolakwika, batire latha, ndipo ndi chifukwa chokwanira chonenerera mtengo kapena kuuza wogulitsa kuti alisinthe pomwepo. BIOS ikafunsa pasiwedi yomwe wogulitsa sakuidziwa, ndalama ikhale kaye m'thumba. Makina ochokera m'maofesi akunja amabwera otsekedwa chotero, ndipo pa ambiri a patebulo pasiwediyo imachotsedwa ndi kapulasitiki kena ka pa bolodi, koma ntchitoyo ndi ya wogulitsa. Nthawi zina pasiwedi yosadziwika imatanthauzanso kuti mwini wake weniweni akufunafunabe katundu wakeyo.

Nkhani ya Windows 11 nayo ikudyetsa anthu njomba. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna TPM 2.0 ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena yofanana nayo ya AMD. Pa makina ena TPM ilipo, inangozimitsidwa mu BIOS. Koma bokosi la 2011 lomwe likuonetsa Windows 11 linalowetsedwa mozembetsa, ndipo palibe chifukwa choliwonjezera mtengo.

Akafika nayo kunyumba, mwini wake ajambule ndi foni tsamba lililonse la BIOS makina akadali bwino, makamaka la SATA ndi la koyambira. Zithunzi zimenezo ndizo zidzamupulumutse pa tsiku la buluu. Pali mzere wina wotchedwa AC Recovery pa Dell, kapena After Power Loss pa HP, wouza kompyuta chochita magetsi akabwera. Kwa Mphunzi ndi bwino kusankha kuti izikhala chizimire mpaka munthu ataiyatsa, chifukwa magetsi akamabwera amayamba aphethiraphethira. Izi sizilowa m'malo mozula pulagi kukamachita ziphaliwali. Ayang'anenso kuseri kwa bokosi: ena akale ali ndi kaswitchi kofiira ka 115 ndi 230. Magetsi a ku Malawi ndi a 230, ndipo kakakhala pa 115 utsi umatuluka pa tsiku loyamba lomwelo.

Kumene kuli mawu oti Advanced Chipset Features, kokhala manambala a liwiro la RAM ndi mavoti a purosesa, wabizinesi asakhudzeko. Mavidiyo a pa YouTube amalonjeza kuti kompyuta ithamanga, koma kalata yofunsira ntchito siituluka msanga chifukwa cha zimenezo, pomwe nambala imodzi yolakwika imatha kuchititsa kuti makina akane kuyaka. Kuikanso BIOS yatsopano n'koopsa kuposa apa. Magetsi akathima ntchitoyo ili pakati, bolodi yakale nthawi zambiri sidzukanso, ndipo ina yofanana nayo ndi yokaifunafuna ku Lilongwe. Wopanda UPS, kapena batire la sola lodzadza bwino, aisiye momwe inabwerera.