Khoswe Wosanunkhiza Sangatiuze za Mtima wa Munthu

M'malabotale ambiri a ku Ulaya ndi ku America muli mchitidwe umene wakhalitsa kwambiri moti anthu anasiya kuufunsa mafunso. Pofuna kuyesa mankhwala a matenda ovutika maganizo, akatswiri amagoneka khoswe tulo ndi kuchotsa timagawo tiwiri ta kutsogolo kwa ubongo wake, timene timalandira fungo kuchokera kumphuno. Pakapita milungu iwiri, khosweyo akaikidwa pamalo owala ndi achilendo amangothamangathamanga osakhazikika. Akamupatsa mankhwala kwa masiku pafupifupi 14, amadekha. Pamenepo akatswiri amalemba kuti mankhwalawo ali ndi tsogolo.

Iwo ali ndi zifukwa zawo. Amati gawo la fungo ndi lolumikizana ndi mbali za ubongo zoyang'anira mantha ndi chisangalalo, ndipo odwala ena samva bwino fungo. Amatinso mankhwala amachedwa kugwira mwa khosweyo monga momwe amachedwera mwa munthu. Zonsezi n'zoona. Koma kodi alipo munthu amene anadwala matendawa chifukwa chodulidwa ubongo? Khoswe amadalira mphuno popeza chakudya, pozindikira anzake ndiponso pothawa mphaka. Mukamulanda mphunoyo, mwamulanda dziko lonse. Kusokonezeka kwakeko n'kosiyana ndi kwa mayi amene sagona tulo, amene amadziona ngati wachabechabe, amene akuganiza zodzipha. Khoswe sadziimba mlandu.

Njira ina ndi ya Roger Porsolt wa ku France, ya m'chaka cha 1977. Amaponya khoswe kapena mbewa m'chigubu cha madzi chosatulukika. Nyamayo ikaleka kuphupha n'kungoyandama, amati yataya mtima. Yataya mtima kapena yachenjera? Aliyense wodziwa madzi akudziwa kuti woyandama amasunga mphamvu, wophupha ndiye amamira msanga. M'chaka cha 2024 boma la Britain linalengeza kuti silidzalolanso njirayi kugwiritsidwa ntchito ngati chifaniziro cha matendawa. Linachedwa, koma linachita bwino.

Mbiri nayo ikuwatsutsa. Mankhwala oyamba a matendawa sanapezeke kwa khoswe ayi. M'chaka cha 1952 madokotala a ku New York anaona kuti odwala chifuwa chachikulu amene ankamwa iproniazid ayamba kusangalala. M'chaka cha 1957 Roland Kuhn wa ku Switzerland anafalitsa zimene anapeza pa imipramine atacheza ndi odwala ake tsiku ndi tsiku. Njira za nyamazi zinadza pambuyo, ndipo zinavomerezeka chifukwa chakuti mankhwala akalewo ankaoneka kuti akugwira pa izo. Nanga ukonde wolukira usipa mungakole nawo kampango? Mudzangokola usipa womwewo. Chatsopano chikabwera, njirazi zimanyenga: aprepitant anachita bwino pa nyama, koma m'chaka cha 2003 kampani ya Merck inasiya kumuyesa pa matendawa atalephera mwa anthu.

Sindikunena kuti nyama ilibe malo pa kafukufuku. Ingatiuze ngati mankhwala ali ndi poizoni, ngati akufika ku ubongo, ngati akuwononga chiwindi. Chimene ndikukana n'kupatsa khoswe wovulazidwa dzina la matenda a munthu. Ndalama ndi zaka zimene zikuthera pamenepo zipite kwa amene angathe kuyankha akafunsidwa kuti akumva bwanji. Mwini ululu alipo, ndipo ali ndi pakamwa. Mufunseni iyeyo.